KODI MIYALA IMAMERA M'MUNDA?

Nthawi ya kusosa yafika, ndipo posachedwa mvula igwa. Tisanagwire makasu ndifuna tikambirane mau amene ndimawamva kawirikawiri m'midzi imene ndimayendera pa nchito yanga ya ulangizi. Anthu amati, "Munda uno kale unalibe miyala, koma masiku ano miyala ikumera." Ena amanena moseka, ena amakhulupiriradi. Amatola miyalayo naiunjika pa malire, koma chaka chinacho amapeza ina yatulukanso.

Mwala sumera, abale. Ulibe mizu, ulibe mbeu. Miyala imeneyo inalimo kale, inali yokwiririka. Ng'ombe ikaonda nthiti zimaoneka, koma palibe amene anganene kuti yamera nthiti. Chachoka ndi mnofu. Chimodzimodzi m'munda mwanu, chachoka ndi dothi limene linafunda miyalayo. Tsono funso ndi ili: dothilo lapita kuti, ndipo walitenga ndani? Kuti tiyankhe bwino tiyambe taona dziko lathu lonse, mapiri ake, zigwa, mitsinje ndi madambo, ndi kudziwa chimene chinaziumba, pakuti madzi amene anasema Phiri la Dedza ndi omwewo akugwira nchito m'munda mwanu lero.

MAPIRI ATHU

Mukaima pa boma la Dedza muli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa madzi a nyanja ya mchere, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokwera chotero. Phiri la Dedza lapitirira apo kufika mamita 2,198. Mukakwera pamwamba pake tsiku lopanda nkhungu mudzaona kuti dziko lolowera ku Lilongwe layalika ngati mphasa, ndipo pa mphasapo pakhala mapiri apa ndi apo, liri lonse pa lokha. Chongoni ndi Mphunzi ali m'gulu limeneli, ndipo kutsogolo ku Lilongwe kuli Nkhoma ndi Bunda.

Ambiri amayesa kuti mapiri otere anachita kutumphuka pansi ngati bowa. Akatswiri a za miyala anapeza zina. Thanthwe la mapiri ambiri a kuno, limene iwo amalitcha granite ndi syenite, linali mwala wosungunuka ndi moto pansi pa dziko, zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo. Linazizira pang'onopang'ono komweko, ndipo linauma gwa kuposa miyala yoyandikana nalo. Pambuyo pake mvula inayamba nchito yake. Kwa zaka zosawerengeka inabvunditsa miyala yofewayo niisandutsa dothi, ndipo mitsinje inanyamula dothilo. Dziko lonse linatsika, koma matanthwe olimbawo anakana natsala ali chiriri.

Mungathe kudzionera nokha zimenezi pa khomo panu. Mvula yamphamvu ikakata, pitani pa bwalo pamene palibe udzu, muwerame. Mudzapeza timiyala tating'ono, kali konse katakhala pa kamzati kake ka dothi. Dothi la m'mbali lapita, koma la pansi pa kamwala latsala chifukwa linali ndi chofunda. Phiri ndi chomwecho, kungoti ndi lalikulu.

Komabe ngakhale thanthwe lolimba limatha. Usana dzuwa limalitentha, usiku limazizira. Madzi amalowa m'ming'alu nabvunditsa m'kati, mizu ya kachere imatsatira nikankha. Thanthwe limasendeka magawomagawo ngati anyezi, ndipo zidutswa zimagwa. Ndi m'mene anapangikira mapanga a ku Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, m'mene Akafula anajambula zithunzi zofiira, ndipo makolo athu Achewa anajambula zoyera za chinamwali ndi za Nyau. Malo otere alipo 127 m'dera la Chongoni, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawalemba kuti ndi chuma cha dziko lonse la pansi.

Zidutswa za thanthwe zikabvunda zimasanduka mchenga ndi dongo. Katondo wofiira wa m'minda yathu anachokera kumeneko, ndi dongo loumbira la ku Linthipe lomwe. Zikasakanizana ndi masamba oola ndi nchito ya chiswe ndi nyongolotsi, ndiye dothi la chonde. Koma nchito imeneyi ndi yochedwa ndithu. Kuti pakhale dothi lochindikala ngati chala chanu chimodzi pamapita zaka mazana. Musunge mau amenewa, tiwafuna kutsogoloku.

CHIGWA CHACHIKULU

Amene munatsikako ndi msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti mukudziwa kuti chakum'mawa dziko lathu limathera pa phompho. Msewu umakhota ngati njoka, makutu amatseka, ndipo mukafika pansi mumayamba kutuluka thukuta. Madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474, ndiye kuti kuchokera pa boma kufika ku nyanja mwatsika mamita oposa 1,100.

Phompho ili silinakumbidwe ndi mvula yokha. Dziko linang'ambika. Pali mng'alu waukulu wochokera ku Nyanja Yofiira, wodzera ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, kufikira kuno ndi ku Mozambique. Mbali ziwiri za mng'aluwo zikutalikirana pang'onopang'ono, mamilimita owerengeka okha pa chaka, kotero kuti chikhadabo chanu chimakula msanga koposa. Gawo la pakati linatitimira, madzi nadzazamo, ndiyo nyanja yathuyi, imene pena ndi yakuya mamita 700. Ife a ku mtunda tinatsala pamwamba, pa mlomo wa mng'aluwo.

Nchito imeneyi sinathe. M'munsi mwa mapiri muli mzere umene dziko linathyokera, wochokera ku Mtakataka kukafika ku Bilira, wautali makilomita pafupifupi 100. Miyala ya pansi ikakokana nthawi yaitali imadumphuka mwadzidzidzi, ndipo ndicho chibvomezi. Akuluakulu akukumbukira cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinachokera cha ku Salima. Chinapha anthu 9, ndipo anthu ngati 50,000 anasowa pogona. Ku Karonga zinachitikanso mu Disembala 2009. Chibvomezi sitingachiletse, koma tingathe kumanga nyumba ya maziko abwino, ndi kusamanga m'munsi mwa mwala wolendewera.

Kukwera kwa dziko lathu ndiko kumatipatsa nyengo yathu. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6. Nchifukwa chake kachewere, kabichi, nsawawa ndi mapichesi zimakondwa ku Bembeke ndi ku Lizulu, pamene mpunga, thonje ndi malambe ziri ku chigwa kwa Kachindamoto. Mphepo yonyowa ikagunda mapiri imakwera, imazizira, nkusanduka mitambo ndi nkhungu. Chotero kuno mvula tiri nayo. Koma mvula yambiri pa dziko lotsetsereka ndi mlendo wofunika kumulandira mwanzeru.

ULENDO WA MADZI

Msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, m'madera ena, wayenda pa malire a Malawi ndi Mozambique. Malire amenewa sanangolembedwa mwachisawawa. Pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 anatsata msana wa dziko, pamene madzi amagawanikira. Dontho logwa kumadzulo kwa msanawo limalowa ku Angonia, nilitsata mitsinje ya kumeneko kukafika mu Zambezi cha ku Tete. Dontho logwa kum'mawa limatsikira ku nyanja, nilituluka ndi Shire ku Mangochi, nilikapezananso ndi linzake lija mu Zambezi yemweyo. Ife tikukhala pa denga la nyumba. Madzi onse amachoka kwa ife kupita kwa anzathu, ndipo palibe mtsinje umene umatibweretsera dothi la kwina. Limene latichokera lapita ndithu.

Linthipe amasonkhanitsa madzi a ku chidikha, nalandira Diamphwe ndi Lilongwe, nakathira m'nyanja cha ku Salima. Nadzipokwe amene amadutsa pa Mua, Namikokwe ndi Livulezi amagwa molunjika pa phompho lija, akuthamanga pa matanthwe ndi pa mathithi. Mtsinje uli pa mtsetse umakumba pansi, nchifukwa chake makwawa a m'mapiri ndi akuya ndi opapatiza. Ukafika pa chidikha umatopa nutula katundu wake: poyamba miyala, kenaka mchenga, potsiriza matope. Dothi lakuda la ku Mtakataka ndi ku Bwanje linayalidwa motero, zaka zikwizikwi, pang'onopang'ono.

Masiku ano katunduyo wachuluka kuposa muyeso. Anzathu a pa sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, imene imamwa madzi a Namikokwe, amataya masiku ambiri akufukula mchenga m'ngalande. Matope olowa m'nyanja amakwirira malo amene nsomba zimaswerana. Pa Shire, makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amabvutika ndi matope ndi zinyalala zochokera m'minda ya m'mbali mwa mtsinjewo ndi mitsinje yothiramo. Taonani tsono: dothi limene likanabala chimanga kumtunda likasanduka bvuto kumunsi. Otaya alira, olandira aliranso.

Mphamvu ya madzi ili m'liwiro lake. Madzi akawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ndiponso madzi a mvula ndi ambiri kuposa m'mene timaganizira. Mvula ya mamilimita 25, ndiyo inchi imodzi, imene ingagwe kuno madzulo amodzi okha, imathira malita 100,000 pa ekala imodzi. Amenewo ndi migolo 500 ya malita 200. Migolo 500 ikalowa pansi ndi chinyezi cha chimanga chanu ndi madzi a pa chitsime chanu mu Okutobala. Ikathamanga pamwamba imanyamula dothi lanu ndi feteleza amene munagula ndi ndalama za thukuta.

DAMBO NDI NKHOKWE

Pa chidikha madzi sathamanga kwambiri. Amasonkhana m'zigwa zosaya zopanda mitengo, ndizo madambo athu, monga la ku Lobi ndi ambiri a m'mbali mwa Linthipe. Dambo linapangika pamene miyala ya pansi inabvunda kwambiri, ndipo dongo losalala lotsika m'zitunda linayalana pamenepo kufikira linasanduka makande. Udzu ndi mizu yake zimagwira madzi ngati thonje, niziwatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Dambo ndi nkhokwe ya madzi. Mtsinje umene suuma mu Okutobala uli ndi dambo labwino ku mutu kwake.

Dziwaninso kuti mphepo yozizira ndi yolemera, ndipo usiku imatsikira m'malo otsika monga achitira madzi. Nchifukwa chake mu Juni ndi Julayi chisanu chimawauka tomato ndi nyemba za pakati pa dambo, za m'mphepete mwa chitunda nkupulumuka. Wodziwa kaumbidwe ka malo ake amadziwa pobzala.

Dambo limafa motere. Munthu akumba ngalande yakuya pakati kuti madzi achoke msanga alime dimba. Wina atentha udzu. Ng'ombe ziponda njira imodzi chaka chonse. Mvula ikabwera madzi apeza njira yothamangamo, ngalande ija ikula nisanduka chigwembe, ndipo chigwembecho chimatsopa madzi a dambo lonse monga chiboo pansi pa ndowa. Zitsime za m'mbali zimaphwa, ndipo amayi amayamba kulawirira m'banda kucha kukasaka madzi kutali.

M'MENE CHIGWEMBE CHIMAYAMBIRA

M'mudzi wina wa cha ku Bembeke muli chigwembe chimene chalekanitsa mudzi ndi manda ake. Agogo ena a m'mudzimo ananditengera kumeneko nandiuza kuti, "Alangizi, pano panali njira ya ng'ombe yopita ku dambo. Ndiri mnyamata ndinkalumpha ndi mwendo umodzi. Lero maliro timazungulira nawo ku msewu." Ndinalowamo, ndipo mutu wanga sunaoneke kunja. Mizu ya mitengo inali lende m'mbali.

Tinakhoma chikhomo pa mutu pa chigwembecho mu Novembala, ndi china patali pang'ono kumtunda. Pobwerera mu Epulo tinapeza chikhomo choyamba chapita, ndipo mutu wa chigwembe unali utasendera kumtunda mapazi anai a munthu wamkulu. Chigwembe chimayenda chobwerera m'mbuyo. Madzi akagwa pa mutu pake amakumba kunsi, dothi la pamwamba limasowa pogwira nkugumuka, ndipo mutu wasendera. Chikupita kumene madzi akuchokera, ndipo kumeneko ndi ku minda ndi ku nyumba. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa.

Koma chigwembe ndi wakuba wa masana, ali yense amamuona. Woopsa koposa ndi wakuba wa usiku, kukokoloka kwa pamwamba kumene sikusiya bala. Dontho la mvula likagwa pa dothi losafunda limamenya ngati nyundo. Onani makoma a nyumba zanu m'mene matope amathovukira m'munsi. Dothi lomasukalo limayandama nkumapita ndi madzi ofiira aja timawaona m'njira. Kafukufuku amene Boma linachita pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko la Malawi linkataya matani 29 a dothi pa hekitala imodzi pa chaka, tikaphatikiza malo onse. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50 pa hekitala, kapena matumba ngati 235 pa ekala. Mukawayala m'munda ndi mamilimita awiri okha, osaoneka ndi maso. Koma pa zaka 10 chala chija chimene chinatenga zaka mazana chapita. Pa malo otsetsereka ngati athu chimapita msanga koposa. Ndi pamene miyala imayamba kuoneka.

Munthu atabwera usiku ndi ngolo nkutapa matumba 235 m'munda mwanu, mudzi wonse ukanadzuka ndi zibonga. Madzi akuchita zimenezo chaka ndi chaka, ife tiri pa khonde kupenyerera.

ZA NAPOLO

Makolo athu amati Napolo akamasamuka ku phiri kupita ku nyanja amagumula zonse za m'njira yake. Mau amenewa anasunga chikumbutso cha zinthu zoona. Ku Zomba zinachitika mu Disembala 1946. Ku Phalombe mu Malichi 1991 phiri la Michesi linakhutula matope ndi miyala, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Chimachitika nchiyani? Pa phiri dothi ndi lochepa, ndipo lagona pa thanthwe losalala. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, madzi amalowa kufikira pa thanthwe, nalephera kupitirira. Dothi limalemera, kunsi kumaterera, ndipo gawo lonse la phiri limatsetsereka pamodzi ndi miyala yake kutsata khwawa. Mizu ya mitengo ndiyo misomali imene imathandiza kugwira dothilo. Mapiri athu a ku Dedza anaumbidwa mofanana ndi amenewo. Tikapitiriza kumeta mombo ndi masuku a m'mapiri ndi kuotcha makala, tikuzula misomali ya denga limene tagona pansi pake. Musamange nyumba pa kamwa pa khwawa lotsika m'phiri. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira itamwazika pa malo otere, dziwani kuti sinabwere ndi munthu. Inatsika kale ndi madzi, ndipo njirayo ikali yotsegula.

CHIFUKWA CHAKE ENA AMAKANA

Ndikudziwa kuti nkhani ya mizere yopingasa ndi milambala iri ndi mbiri yowawa. Boma la atsamunda linaika lamulo la zachilengedwe mu 1946, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anthu ankakakamizidwa kukumba milambala ndi kusiya matutu. Okana ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa, mbeu zina nkuzulidwa. Anthu anadana nawo malimidwe amenewo, ndipo kudandaula kwao kunathandiza kukoleza moto wa ufulu. Ufulu utabwera ambiri anaisiya milambala kuti igumuke, chifukwa inali chizindikiro cha nkhanza. Agogo anga ankasimba zimenezi ndi mkwiyo kufikira ukalamba wao, ndipo ine sindiwadzudzula. Chibalo chinali choipa. Koma lamulo lija litatha madzi sanaleke kutsetsereka.

Ndikudziwanso kuti lero malo achepa. Pa kalembera wa 2018 boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000, ndipo minda ndi yomwe ija. Munthu amene akulima m'phiri kapena m'mbali mwa mtsinje sachita mwano, afuna ana adye. Ena a kachewere amaimika mizere kutsata mtsetse poopa kuti madzi akaima mbatata iola. Mantha amenewo ndi omveka. Koma mzere woimirira ndi ngalande imene mwaikumbira madzi ndi manja anu, ndipo phindu la chaka chimodzi mukulilipira ndi munda wonse. Munda umene ine ndinakuliramo ndi wa amayi anga, ndipo udzakhala wa alongo anga ndi ana ao monga mwa mwambo wathu. Uli pa mtsetse ngati wanu. Zimene ndikuuzani pano ndi zomwe timachita kwathu.

ZOCHITA MVULA ISANAGWE

Choyamba, yendani m'munda mwanu ndi kuona kumene madzi amalowera ndi kumene amatulukira. Zizindikiro za chaka chatha zikalipo: timakwawa, mchenga woyalika, mizu ya pamtunda. Madzi agwireni ku mtunda, kumene ali ochepa ndi ofooka. Kumunsi akhala atakula kale.

Chachiwiri, ikani akalozera. Sizifuna ndalama. Mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo cha A, chingwe ndi mwala wolendewera, zikwanira kupeza mzere umene madzi sangathamangiremo. Mlangizi wa m'dera lanu adzakuonetsani kayezedwe kake, ndipo tsiku limodzi likwana kuti muphunzire. Pa malo otsetsereka kwambiri akalozera akhale pafupipafupi. Mizere yonse itsate kalozera, motalikirana masentimita 75. Pa kalozerapo bzalani udzu wa vetiva mothithikana mvula ikakhazikika. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo dothi limaunjikana kumtunda kwake kufikira munda usanduka masitepe. Miyala ija mumatola musaitaye pa malire, iyaleni kutsata kalozera igwire nchito.

Chachitatu, tsekani mizere ndi ngonyeka, motalikirana mamita ngati awiri, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Pa makande ndi m'minda ya kachewere, pamene madzi angaime kwambiri, funsani mlangizi akuthandizeni kupendeketsa mizere pang'ono kuti madzi otsala atuluke mofatsa kupita m'njira ya udzu.

Chachinai, musatenthe mapesi. Kumbukirani kamwala kaja pa bwalo: dothi lofunda silichoka. Mapesi oyalidwa m'munda amalandira nkhonya za madontho, amasunga chinyezi, ndipo akaola ndi manyowa. Mbewa za tsiku limodzi zisatenthetse chofunda cha chaka chonse. Thirani manyowa, bzalani nyemba ndi nandolo pakati pa chimanga, ndipo msangu ndi gilisidiya zikhale m'munda.

Chachisanu, chigwembe chigwireni chikali chaching'ono. Pingasani miyala, zikhomo ndi nthambi m'katimo, timipanda tatifupi tambiri, kuyambira ku mutu kutsika. Pakati pa mpanda pakhale potsika kuti madzi adutse pamwamba osaboola m'mbali. Matope akadzaza bzalanimo nsenjere, vetiva, nsungwi kapena nthochi. M'mbali mwa mtsinje siyani mpata wa mamita 10 kapena kuposa wosalima, mumere bango, katope ndi mkuyu.

Chotsiriza ndi chachikulu koposa. Madzi sadziwa malire a minda. Inu mungakonze munda wanu bwinobwino, koma wa kumtunda akalekerera, migolo yake 500 idzagwera pa inu. Njira za anthu, za ngolo ndi za ng'ombe, ndi madzi a pa madenga a malata, ndizo zimayambitsa zigwembe zambiri, ndipo zimenezi ndi za mudzi wonse. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha mafumu kuti aitanitse msonkhano mwezi uno, anthu a chitunda chimodzi ayendere pamodzi kuchokera pamwamba kufika ku dambo, ndi kugwirizana poyambira. Mugwirizanenso za nkhalango ya mudzi ndi za moto wa tchire.

M'mudzi uja wa chigwembe anachita zimenezi. Anasuntha njira ya ng'ombe, anatchinga madzi ku mtunda, namanga timipanda. Chigwembe sichinakwiririke, pakuti dzenje lotere silidzaza pa zaka ziwiri. Koma mutu wake unaima, ndipo pansi pake pamera nsenjere imene akudyetsa ng'ombe za mkaka.

Mapiri adzapitiriza kusendeka, mitsinje idzapitiriza kukumba, ndipo nyanja idzalandirabe matope ake monga kale. Zimenezo si za ife kuletsa. Gawo lathu ndi dothi lapamwamba lija, lakuya ngati mpeni wa khasu, limene limadyetsa mabanja onse a m'boma lino. Linatipeza liripo, ndipo ana athu alibe kwina kokalitenga. M'mera mpoyamba, abale. Akalozera aikidwe mvula yoyamba isanagwe. Amene afuna thandizo la kuyeza auze mfumu yao kapena mlangizi wa m'dera lao, ndipo tidzafika ndi chingwe.

Tsalani bwino, mulime ndi mphamvu.

Ine wanu,
Mlangizi wa za Ulimi, Dedza.